Mkango wa agogo: zomwe ndinaona pa chithunzi cha 1978

Amalume anandiimbira foni Lachitatu usiku. Malonje sanatalike. "Ogula zitsulo abweranso. Akuti Loweruka afika ndi lole komanso sikelo. Ngati ukufuna kuiona komaliza galimoto ya agogo ako, bwera."

Galimoto yomwe amanenayo sinayendepo chibadwire changa. Ili kuseri kwa nyumba kumudzi kwathu, mbali ya ku Tsangano m'boma la Ntcheu, itakhazikidwa pa miyala pansi pa mtengo wa mapichesi. Matayala mulibe, magalasi anatha kalekale. Ife tili ana tinkabisalamo posewera, ndipo nkhuku za agogo zimaikira mazira pomwe panali mpando. Kwa ine inali chabe chiphakasa chadzimbiri. Komabe nditamva za sikeloyo mtima unandiwawa, osadziwa chifukwa chake. Lachisanu m'mawa ndinakwera minibasi ku Lilongwe, kutsika pa Tsangano Turn-off, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto.

Agogo aakazi anandilandira ndi nthabwala yawo ya masiku onse. "Wafika mkazi mnzanga? Wamva eti kuti ndikugulitsa chuma cha amuna ako?" Titadya, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kajumbo momwe amasungamo makadi a kutchalitchi. M'katimo munali chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera, ngodya ina itadyedwa ndi mphemvu. Kumbuyo kwake kunalembedwa ndi bolopeni: Ogasiti 1978.

Pachithunzipo pali anthu anayi. Agogo aamuna avala jekete, dzanja limodzi lili pa boneti ngati munthu wogwira ng'ombe yake yapamtima. Agogo aakazi avala diresi lofika m'munsi mwa mawondo ndi duku, kumbuyo abereka khanda lomwe ndi mayi anga. Amalume, mwana wa zaka 6 wopanda nsapato, akhala pa bampala. Zovalazo zikunena nthawi yake: lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo linatha mu 1993. Ine ndinali nditakhala pa mkeka ndi jinzi yanga.

Koma chomwe chinandigwira maso ndi wachisanu pachithunzipo: pikapu yoyera ya Peugeot 404, yomwe agogo amaitchula kuti Pijo. Ndinajambula chithunzicho ndi foni, n'kuyamba kuchikulitsa ndi zala ziwiri, mbali ndi mbali.

Nkhope yake

Choyamba ndi nyali. Ndi ziwiri zokha, zozungulira ngati mbale za ndiwo, chilichonse chili kumapeto kwa phewa la galimotoyo. Pakati pake pali chitsulo chamipatamipata cholowetsa mphepo ku injini, chotambalala kuchoka uku kufika uko, ndipo pakatikati pakhala chizindikiro cha mkango. M'munsi muli bampala yachitsulo yonyezimira, yomwe mwana akhoza kukhalapo osaiphwanya. Tayesani kukhazika mwana pa bampala ya Passo muone.

Mizere ya galimotoyi ndi yowongoka, ngodya zake zakuthwa. Sizinangochitika. Thupi la 404 linajambulidwa ndi kampani ya ku Italy yotchedwa Pininfarina, yomweyo imene inkajambula galimoto zambiri za Ferrari. N'chifukwa chake 404 imafanana ndi Austin Cambridge ndi Morris Oxford za nthawi imeneyo: zinachokera m'manja amodzi. Mtundu wa 404 wonyamula anthu unali ndi timapiko kumbuyo, pomwe pamakhala nyali zofiira. Imeneyo inali fashoni yochokera ku America, komwe Cadillac inayamba timapiko totere mu 1948 potengera maonekedwe a ndege yankhondo, n'kufika pokokomeza mu 1959. Pikapu ya agogo inalibe timapikoto chifukwa kumbuyo kunali bokosi la katundu, lokhala ndi zitsulo zopindika zomangirapo lona. Nkhope yokha ndi yomwe inali ya ku Italy, msana unali wa ntchito.

Mkango uja nawo uli ndi mbiri yake. Banja la Peugeot lisanayambe galimoto linkapanga masowo, zogayira khofi ndi njinga. Mkango unalembetsedwa ngati chizindikiro chawo mu 1858, ndipo unkadindidwa pa masowo pofuna kunena kuti mano ake ndi olimba ngati a mkango. Tangoganizani: chizindikiro cha sowo ya ku France chinadzathera pansi pa mtengo wa mapichesi ku Tsangano.

Peugeot inatulutsa 404 mu 1960, ndipo zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 2.9 miliyoni. Ku Ulaya mtundu wonyamula anthu unasiya kupangidwa mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991. Mbiri yake mu Africa inakula chifukwa cha mpikisano wa East African Safari, wodutsa m'matope ndi m'fumbi la Kenya, Uganda ndi Tanzania. Galimoto ya 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 galimoto 84 zinayamba ulendowo, zomaliza zinali 7 zokha, ndipo patsogolo panali 404.

Agogo aamuna za mpikisanowo mwina sanazimve n'komwe. Iwo ankadziwa za msewu wa ku Tsangano nthawi ya dzinja, basi.

Mmene inafikira kwathu

Ndinafunsa agogo kuti mlimi wa mbatatesi anaipeza bwanji galimoto mu 1978, nthawi yomwe munthu wokhala ndi njinga ndi wailesi ankatchedwa bwana. Yankho lawo linali mawu awiri: "Joni ndi mmwenye."

Agogo aamuna anali mmodzi mwa Amalawi ambirimbiri omwe ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu kuno, ndipo omwe anali kumigodi anayamba kubwerera. Agogo anafika mu 1975 ndi sutikesi, bulangete ndi kandalama komwe anakaika ku munda wa mbatatesi. M'zaka zomwezo boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera akumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Mmwenye wina wa sitolo yemwe ankasamuka anagulitsa pikapu yake motchipa, ndipo agogo anawonjezera ng'ombe ziwiri pa ndalama ya mbatatesi.

Kuyambira pamenepo Pijo inali chilichonse. Inkatsitsa matumba a mbatatesi ndi kabichi kupita ku msewu waukulu wa M1, komwe kunkadutsa mabasi a UTM. Musasokonezeke, sindikunena chipani: inali kampani ya mabasi ya United Transport Malawi. Inkanyamula amayi oyembekezera usiku, akwati Loweruka, maliro tsiku lililonse lomwe agwa. "Theka la mudzi uno linabadwa chifukwa cha galimoto imene ija," anatero agogo. "Theka linalo inaliperekeza kumanda."

Mkati ndi pansi

Pachithunzipo chitseko cha dalaivala n'chotsekula pang'ono. Ndikakulitsa ndikuona chiwongolero chachikulu, chopyapyala, ndi kamtengo kotuluka m'khosi mwake. Amalume atabwera madzulo anandifotokozera kuti kamtengoko ndiye giya. Magiya anayi, onse pa chiwongolero, pansi popanda chilichonse. N'chifukwa chake mpando unali umodzi wautali ngati benchi, ndipo anthu atatu ankakhala bwinobwino. "Anayi ngati wina ndi mwana. Asanu ngati kuli maliro," anaseka amalume.

Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kutsekula boneti, yomwe inalira ngati chitseko cha khola. Injini ikadalimo, ya 1,618 cc, yogonekedwa chammbali. A Peugeot anaipendeketsa dala kuti boneti ikhale yotsika, dalaivala aziona bwino msewu. Chomwe chinandidabwitsa ndi malo. Kuzungulira injiniyo pali mpata woti munthu apisa mkono wonse. Chilichonse chikuoneka, ndipo amalume ankachitchula dzina ngati akuitana ana awo: kabuleta apa, mapulagi anayi apa, lamba wa fani apa, batire inkakhala apa.

"Bambo ankayenda ndi masipanala atatu, pulayala, waya ndi sopo," anatero. Sopoyo anali womatira thanki ya petulo ikabooka ndi mwala. Kabuleta ikatseka ndi fumbi ankaimasula pamsewu pomwepo, kuipemerera, kuibwezera. Batire ikafooka ankaimika galimoto potsetsereka, m'mawa ana n'kukankha. Kompyuta munalibe. Munthu wa Sitandade 5 wokhala ndi makutu abwino ankatha kudziwa matenda a injini pongoimvetsera.

Pansi napo pali nkhani. Pachithunzi, mpata wa pakati pa nthaka ndi mimba ya galimoto ndi waukulu moti galu wagona pamenepo momasuka. Kumbuyo kuli masipuling'i azitsulo zosanjikizana, ngati a ngolo, ndipo matayala akumbuyo ndiwo ankakankha galimoto. Ikalemedwa ndi katundu m'pamene inkagwira bwino nthaka pokwera phiri.

Apa ndiye ndinayamba kuyankhula ngati anthu a pa Facebook aja akaona chithunzi chakale. Ndinati zinthu zakale zinali zenizeni, chitsulo chokhachokha, osati mapulasitiki a masiku ano omwe timasoka ndi waya. Ndipo mbali ina ndi zoona. Galimoto zomwe tikugula lero, ma Sienta, ma Vitz, ma Aqua, zinapangidwira misewu ya ku Japan. Zimafika kudzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe zitayenda kale zaka zambiri, mimba ili pafupi ndi nthaka. Kanyali kachikasu kakayaka pa dashibodi, makaniko wa pansi pa mtengo amakuuza kuti upite kwa wa kompyuta. Kuchokera ku Tsangano, ulendo umenewo wokha ndi ndalama.

Amalume anandisiya ndimalize. Kenako analoza chipsera chomwe chili pamphumi pawo, chomwe ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse. "Ukudziwa chinandipanga ichi n'chiyani?"

Chitsulo chinapulumuka

Ndinkadziwa kuti agogo aamuna anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1990. Chomwe sindinkadziwa, ndipo sindinafunsepo, n'chakuti galimotoyo ndi yomweyi. Ndikanaganiza bwanji? Ilibe bala. Kutsogolo kwake n'kowongoka ngati pachithunzi.

Tsikulo ankatsika phiri ndi matumba a mbatatesi opitirira muyeso, monga mwa nthawi zonse. Amalume, ali ndi zaka 18, anakhala pambali pawo. Pamtsetse wautali mabuleki anatentha n'kusiya kugwira. Agogo anayesa kubwezera giya yaing'ono, inakana, ndipo pofuna kupewa phompho anakhotetsera galimoto ku mtengo wa bulugamu. Liwiro silinali lalikulu. Bampala inapindika, nyali imodzi inasweka, radiyeta inabooka. Basi.

Koma m'galimotomo munalibe malamba. Amalume anamenyetsa mutu pa dashibodi yachitsulo. Agogo anagwera ndi chifuwa pa chiwongolero chachikulu chija. Anatuluka okha, anathandiza ngakhale kutola mbatatesi zomwe zinamwazika. Usiku anayamba kubanika. Anamwalira kuchipatala patatha masiku atatu. Pasanathe mwezi, bampala inali itawongoledwa ndi moto ndi nyundo, ndipo Pijo inabwerera pamsewu. Inayenda zaka zina 7.

Usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinkaganiza za mawu aja akuti galimoto zakale zinali zolimba. Eya, zinali zolimba. Funso n'lakuti, zolimba pofuna kuteteza ndani?

Aliyense wogulitsa tomato pa Lizulu akudziwa yankho. Mukaika tomato mu ndowa yachitsulo n'kuigwetsa, ndowa siiphwanyika koma tomato amasanduka supu. Mukamuika m'dengu loyalidwa udzu, dengu likhoza kupindika koma tomato ambiri apulumuka. Galimoto ikagunda mtengo, mphamvu ya liwiro lija iyenera kupita penapake. Chitsulo chikakana kupindika, mphamvuyo imafika kwa munthu.

Akatswiri anali atayamba kale kuzizindikira zimenezi 404 isanatuluke. Mu 1959 kampani ya Mercedes-Benz inatulutsa galimoto yokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo kopangidwa dala kuti kuzifinyika pangozi, nzeru ya injiniya wawo Béla Barényi. Chaka chomwecho Volvo inayamba kuika lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, wopangidwa ndi Nils Bohlin, ndipo inalola makampani ena kumugwiritsa ntchito osalipira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera ziwongolero zomwe zimafupika zikakanikizidwa, m'malo mobaya dalaivala. Pambuyo pake kunabwera matumba a mpweya ofufuma pangozi. Zonsezi zinatenga nthawi kuti zifike pa galimoto za katundu zogulitsidwa kuno.

Ngati muli ndi bandulo, fufuzani pa YouTube kanema yemwe bungwe la ku America la IIHS linajambula mu 2009. Anawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959, chitsulo chokhachokha, ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Yakaleyo inapindikira m'kati mpaka chiwongolero kufika pa chidole chomwe chinakhala ngati dalaivala. Yatsopanoyo kutsogolo kunaphwanyika, koma malo okhala munthu anatsala pafupifupi momwe analili.

Choncho mukaona Sienta itafinyika ngati chitini cha mowa m'mbali mwa M1, musafulumire kunena kuti ndi yachabechabe. Nthawi zambiri kufinyikako ndiyo ntchito yake.

Koma tisadzitame

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, kuti ife a lero tili bwino. Koma tinene zoona. Sienta inapangidwira anthu 7. Ndi liti munakwera ya matola muli 7? Kutsogolo kumakhala atatu, nthawi zina dalaivala n'kugawana mpando ndi pasinjala. Malamba amakhala atakwiriridwa pansi pa mipando, kapena atamangidwa kumbuyo kwa msana kuti kabelu kasiye kulira. Lamba amateteza munthu mmodzi wokhala pampando umodzi. Tikapanikizana 11 opanda lamba, tabwerera ku 1990, kungoti pano tikuthamanga kwambiri kuposa momwe Pijo yodzaza mbatatesi inkathamangira.

Ndiye tataya ziwiri zonse. Galimoto yoti mlimi n'kuikonza yekha ndi masipanala atatu tilibenso. Chitetezo chomwe tinasinthanitsa nacho, tikuchikhalira pansi.

Pachithunzi cha 1978 ndikuona galimoto yomwe opanga ake anaganizira za msewu woipa, katundu wolemera ndi mwini wake wokhala kutali ndi galaja. Zimenezo n'zoyenera kuzisirira, ndipo ndi funso labwino kufunsa musanatumize ndalama ku Japan: kodi galimotoyi ikafika kwathu? Ikawonongeka akonza ndani? Chomwe sanaganizire mokwanira ndi chifuwa cha munthu wogwira chiwongolero. Pamenepo palibe choti tisirire.

Loweruka

M'mawa ndinayesa kuwanyengerera agogo. Ndinawauza kuti kunja anthu amalipira ndalama zambiri pofuna galimoto ngati imeneyi, kuti ku Museum ya ku Chichiri ku Blantyre amasunga panja makina akale oyendera kuti ana aziona. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mkazi mnzanga, iwe uli ndi ndalama yoikonzera?"

Ndinalibe.

"Feteleza wa chaka chino undigulira?"

Ndinakhala chete. Malipiro a mtolankhani mumawadziwa.

"Ndiye isiye ipite. Inatidyetsa ili moyo, itidyetsenso komaliza. Amuna anga sali m'chitsulo chija."

Lole inafika cha m'ma 10 koloko, anyamata anayi ndi sikelo yopachika. Asanayambe kudula, agogo anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, mkango utsale. Amalume anadontheza parafini pa timabawuti take, anadikira pang'ono, n'kupotokola ndi sipanala yakale ya agogo aamuna. Patatha zaka zonsezi pa mvula ndi dzuwa, tinamasuka popanda vuto. Amalume anandiyang'ana ngati akuti waona?

Chachiwiri agogo anachinena motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali. "Chiwongolerocho muyambe n'chimenecho. Chikwere lole ndisanabwere kuchokera kudimba." Anatenga khasu n'kumapita. Zaka zonsezi akhala akudutsa pafupi nacho tsiku lililonse popita kukatola mazira.

Pofika masana pansi pa mtengo wa mapichesi panatsala miyala inayi ndi dothi lakuda ndi oilo. Nkhuku zinkazungulira, zosokonezeka. Ndalama yomwe inatuluka inakwana feteleza, n'kutsala yochepa ya malata awiri a khitchini.

Mkango uli mu kajumbo kaja limodzi ndi chithunzi. Ine ndili ndi chithunzicho mu foni, ndipo ndatumizira abale onse. Ngati kwanu kuli chithunzi chotere mu sutikesi, chijambuleni mphemvu zisanamalize, ndipo mufunse omwe alipo akadali ndi moyo. Ine ndinatenga zaka 26 kuti ndifunse za chipsera cha amalume.

Lamulungu pobwerera ndinapeza Sienta pa Turn-off, yopita ku Dedza. Anandipatsa mpando wakutsogolo, pafupi ndi chitseko. Ndinapisa dzanja kumbali kufunafuna lamba, n'kumupeza atapanikizika kuseri kwa mpando, wodzaza fumbi. Dalaivala anaseka. "Asisi, mukuopa? Ine ndayenda msewu uno zaka 10."

Ndinamuuza kuti agogo anga anayenda wawo zaka 12. Kenako ndinamanga.